Mafomu 34, anthu atatu: m'mene tinachepetsera nthawi yopanga mazenera a pulogalamu ya pakompyuta

Ntchito imene tinapatsidwa

Kampani ina yosunga ndi kugulitsa zipangizo zosinthira pa makina inkagwiritsa ntchito pulogalamu yolembedwa mu Visual Basic 6, chida cholembera mapulogalamu a pakompyuta. Chida chimenechi chinatuluka mu 1998 ndipo Microsoft inasiya kuchisamalira mu 2008, koma pulogalamuyo inkayendabe tsiku lililonse: kulandira katundu, kutulutsa katundu, kulemba mainvoisi, kusindikiza malipoti a kumapeto kwa mwezi. Munthu amene anailemba anachoka kalekale. Code yake inalipo ndithu, kungoti panalibe wolimba mtima kuikhudza, chifukwa ukakonza kanthu pa fomu yolandirira katundu, lipoti lina limene sunaliganizire n'komwe linkayamba kutulutsa manambala abodza.

Anatipempha kuti tiilembenso kuyambira pachiyambi. Tinali atatu: ine, mnzanga wodziwa kwambiri za database (nkhokwe imene pulogalamu imasungamo zolemba zake), ndi mnyamata amene anali atangomaliza maphunziro ake. Zimene ankafuna zinali zomveka. Pulogalamu iziyenda pa kompyuta yeniyeniyo osati mu browser, izigwira ntchito ngakhale intaneti itaduka, izimvana ndi sikana ya barcode komanso printa ya timapepala tomata pa katundu, ndipo iziyenda pa Windows ndi pa makompyuta angapo a Linux amene anali m'nyumba yosungira katundu. Titawerenga mazenera onse a pulogalamu yakale, amene timawatchulanso kuti mafomu, tinapeza 34.

Lipoti ili likukamba za mazenerawo basi. Database ndi kusamutsa zolemba zakale zili ndi nkhani yakeyake, koma sizinatidyere nthawi ngati mazenera.

Kusankha chida

Posankha chida chomangira mazenera sitinachedwe. Windows Forms, ya mu 2002, ndi WPF, ya mu 2006, n'zabwino koma zimayenda pa Windows pokha, ndiye makompyuta a Linux aja akanatsalira. Electron, imene inayamba mu 2013, imanyamula browser ya Chromium pamodzi ndi Node.js m'kati mwa pulogalamu iliyonse, ndipo makompyuta a kampaniyo anali akale, a memory yochepa. Tkinter imabwera kale ndi Python, chilankhulo chimene tinkalembera code yathu, koma tebulo lake silikanatha kunyamula ntchito imene tinkafuna popanda kulimangirira zambiri.

Tinasankha Qt. Chida chimenechi chinatuluka koyamba mu 1995 kuchokera ku kampani ya Trolltech ya ku Norway, chinapita m'manja mwa Nokia mu 2008, kenako Digia mu 2012, ndipo Qt 6 inatuluka mu December 2020. Pa Python pali njira ziwiri zoigwiritsira ntchito: PyQt ya Riverbank Computing, imene chilolezo chake ndi GPL (chofuna kuti ukagawira ena pulogalamu uwapatsenso code yake) kapena chogula, ndi PySide6 ya eni ake a Qt, imene imapezeka pa chilolezo cha LGPL, chimene sichikukakamiza kutulutsa code yako. Popeza kampaniyo sinkafuna kutulutsa code yake poyera, tinatenga PySide6.

Ndinene pano kuti kusankha kumeneku sikumene kunatifulumizitsa. Tikanatenga chida china, mavuto amene ndikufotokoza m'munsimu tikanakumana nawobe, kungoti mayina ake akanasiyana.

Masabata oyamba, ndi pepala limene linatitsegula maso

Tinayamba monga amayambira ambiri. Aliyense anatenga fomu yake, n'kutsegula Qt Designer, pulogalamu yojambulira mazenera ndi mausi, n'kuyamba kukoka timabokosi ndi mabatani kuti zifanane ndi chithunzi cha fomu yakale. Tsiku loyamba zinkasangalatsa, chifukwa pofika madzulo umakhala ndi chinthu chooneka. Koma patapita masabata asanu ndi limodzi tinali titamaliza mafomu asanu okha, ndipo ngakhale asanuwo tinkabwererako pafupipafupi. Masamu ake anali oopsa: pa liwiro limenelo, mafomu 34 sakanatha m'nthawi imene tinalonjeza.

Mnzanga wa database ndi amene ananena kuti tisiye kukangana za amene akuchedwetsa ntchito, m'malo mwake aliyense alembe pa pepala, kwa sabata imodzi, chimene akuchita ola lililonse. Ndinavomera monyinyirika, poganiza kuti ndikudziwa kale yankho. Sindinkalidziwa.

Nthawi yambiri sinkapita pa kulemba code. Inkapita pa kudikira ndi kuyenda. Kuti uone ngati kabokosi kamene wasuntha kakhala bwino, unkayenera kusunga fayilo, kuisandutsa code ya Python ndi kachida ka pyside6-uic, kuyatsa pulogalamu, kulemba dzina ndi password, kudikira ilumikizane ndi database, kutsegula menyu, kufufuza kasitomala, kutsegula invoisi yake, ndiye n'kufika pa zenera limene ukukonza. Ukaona kuti kabokosiko kapendekeka, uyambirenso ulendo wonsewo. Munthu ankachita zimenezi kambirimbiri pa tsiku, ndipo choipa kwambiri n'chakuti pofika pa zeneralo unkakhala utaiwala chimene umafuna kuona.

Chachiwiri chinali kubwereza. Kabokosi ka deti, ka ndalama, ka nambala ya chipangizo, tonseti tinkapezeka pa mafomu ambiri, ndipo aliyense wa ife ankatipanga m'njira yake. Pa fomu yanga deti lolakwika linkafiiritsa kabokosi. Pa fomu ya mnyamata uja linkatulutsa uthenga. Pa fomu ya mnzanga silinkachita kalikonse mpaka udine batani losunga.

Chachitatu chinali mafayilo a Designer. Fayilo ya .ui imene Designer imasunga ndi ya kalembedwe ka XML, ndipo anthu awiri akasintha fomu imodzi, kuphatikiza zosintha zawo mu Git, chida chosungira ndi kuphatikiza code ya anthu angapo, kumakhala chintchito. Tsiku lina mnyamata uja anakonza zinthu m'fayilo ya Python imene pyside6-uic imatulutsa, osaona chenjezo lili pamwamba pake loti zonse zosinthidwa mmenemo zidzafufutika. M'mawa mwake ine ndinaitulutsanso fayiloyo, ntchito yake ya tsiku lonse n'kupita. Sindinamudzudzule, popeza palibe amene anamuuza.

Chionetsero: zenera limodzi, popanda password

Chinthu choyamba chimene tinapanga n'chimene chinabweza nthawi yambiri, ngakhale chinali chaching'ono kwambiri. Tinalemba kapulogalamu kena kapadera kamene tinkakatchula kuti chionetsero. Kumanzere kali ndi mndandanda wa mazenera onse, ukadina limodzi limatseguka nthawi yomweyo lili ndi zolemba zongopeka. Palibe password, palibe database, palibe menyu. Ukhozanso kulemba dzina la zenera poyatsa kapulogalamuko, ndiye kamatsegula lomwelo basi.

Zolemba zongopekazo tinazisankha mwadala kuti zikhale zovuta. Zenera lililonse lili ndi maonekedwe angapo: lopanda kanthu, lodzaza bwinobwino, lokhala ndi dzina la kasitomala lalitali mosayenera, lokhala ndi ndalama za manambala ambiri, ndi limene database yakana kuyankha. Kale maonekedwe omalizawa tinkawaona pokhapokha wogwiritsa ntchito atadandaula. Tsopano ankaoneka tsiku loyamba lopanga fomuyo.

Kenako tinawonjezera QFileSystemWatcher, imene imayang'anira fayilo n'kudziwitsa pulogalamu ikasintha. Mitundu, kukula kwa zilembo ndi mipata zonse tinaziika m'fayilo imodzi ya QSS, imene kalembedwe kake kamafanana ndi CSS ya masamba a pa intaneti. Ukasunga fayiloyo, zenera limasintha uli chiyang'anire. Apa panali kamsampha: mapulogalamu ena olembera code akamasunga, salemba m'fayilo yakaleyo, amapanga yatsopano n'kuiika m'malo mwake. Zikatero woyang'anira uja amaitaya, ndiye kusintha koyamba kumaoneka koma kwachiwiri zii. Mankhwala ake n'kumuuzanso kuti ayang'anire fayiloyo nthawi iliyonse ikasintha. Mzere umodzi wa code, koma unatidyera theka la tsiku kuti tiupeze.

Chionetserochi chinabweretsa china chimene sitinachiyembekezere. Zenera silingatseguke palokha ngati likudzitengera zinthu ku database m'kati mwake. Kuti mafomu asanu oyamba aja alowe m'chionetsero, tinakakamizika kuchotsamo zonse zokhudza SQL (chilankhulo chofunsira database) ndi masamu. Ndiye kulekanitsa kumene mabuku amalimbikitsa kunabwera kokha, osati chifukwa choti tinakhulupirira chiphunzitso, koma chifukwa popanda kutero chida chathu sichikanagwira ntchito.

Nkhani yolekanitsa maonekedwe ndi nzeru za pulogalamu ndi yakale. Trygve Reenskaug anafotokoza njira yotchedwa MVC mu 1979 ali ku Xerox PARC, ndipo John Gossman wa ku Microsoft anafotokoza ina yotchedwa MVVM mu 2005 pokamba za WPF. Ife sitinatsatire iliyonse mwa ziwirizi ndendende. Tinangoika lamulo limodzi: fayilo iliyonse yowerengera mitengo, misonkho kapena katundu wotsala isamaitane PySide6. Ndipo tinalemba kayeso kakang'ono kamene kamawerenga mafayilowo n'kulephera kakapeza dzinalo. Lamulo limene makina amalilondera limakhalitsa kuposa limene mwangogwirizana pakamwa. Ine ndemwe ndinagwidwa nalo kawiri.

Kufotokoza fomu m'malo moijambula

Titayala zithunzi za mazenera 34 aja pamodzi, zinaoneka kuti ambiri ndi chinthu chimodzi chovala malaya osiyana: mndandanda wa timabokosi tokhala ndi mayina, batani losunga, batani losiya. Kusiyana kwake kunali mayina ndi mtundu wa zolembamo. Tinasiya kuwajambula, n'kuyamba kuwafotokoza. Fomu ya chipangizo inakhala chonchi:

```
fomu_ya_chipangizo = Fomu("Chipangizo", [
    Mawu("nambala", "Nambala ya chipangizo", yofunika=True),
    Mawu("dzina", "Dzina", yofunika=True),
    Sankha("gulu", "Gulu", kuchokera=magulu),
    Ndalama("mtengo", "Mtengo wogulitsira"),
    Nambala("zochepa", "Zikachepa kufika pa"),
    Deti("tsiku", "Tsiku lolandira"),
])
```

Code ina imodzi imawerenga mndandandawu n'kumanga zenera pogwiritsa ntchito QFormLayout. Ubwino wa QFormLayout ndi woti ukaipatsa dzina ndi kabokosi, imapanga yokha chizindikiro cha dzinalo n'kuchimangiriza ku kabokosiko, ndipo imayala zinthu mogwirizana ndi chizolowezi cha makina amene pulogalamu ikuyendapo. Batani la Tab limayenda motsatira mndandanda, ndiye vuto la kudumpha timabokosi linatheratu. Kabokosi ka ndalama kanalembedwa kamodzi kokha, ndipo m'kati mwake kamasunga manambala mu mtundu wa Decimal osati wa float, chifukwa mu float 0.1 kuphatikiza 0.2 sizikwana 0.3 ndendende, ndipo tizidutswa totere tikaunjikana pa lipoti la mwezi, owerengera ndalama amakufunsa.

Fomu imene kale inkatenga masiku angapo inayamba kutha m'mawa umodzi, kuphatikizapo kuiyesa. Ndipo popeza ndi mizere yochepa ya Python, kuphatikiza zosintha mu Git kunasiya kukhala nkhondo.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa ine. Nditaona kuti njirayi ikuyenda, ndinafuna kuti mazenera onse 34 adutse mmenemo. Fomu yolandirira katundu ili ndi tebulo pakati, ziwerengero zimene zimasintha ukamalemba, ndi gawo limene limaoneka pokhapokha katundu akafika wowonongeka. Kuti ilowe, ndinayamba kuwonjezera zosankha pa womanga mafomu uja: chosankha chobisa kabokosi, choika awiri pa mzere umodzi, cholowetsa tebulo, choitana code ina kabokosi kakasintha. Patapita sabata, mafotokozedwe a fomu imodziyo anali aatali komanso ovuta kuwerenga kuposa code wamba ya Qt, ndipo kusintha kumodzi kunaswa mafomu atatu amene ankayenda bwino. Ndinali ndikulembanso Qt pamwamba pa Qt, moipirapo.

Mnzanga anangondifunsa kuti, "Akulu, kodi fomu imeneyi tikanaijambula mu Designer sitikanamaliza Lachiwiri?" Ankanena zoona. Tinachotsa zosankha zonsezo n'kugwirizana kuti fomu imene ikufuna chosankha chatsopano chimene fomu ina iliyonse sichifuna, ipangidwe pamanja. Pomaliza mazenera 26 anatuluka mwa kufotokoza, 8 tinawajambula mu Designer. Koma ngakhale 8 amenewo amagwiritsa ntchito timabokosi tomwe tija ta ndalama, deti ndi nambala, chifukwa Designer imalola kuika kabokosi kako m'malo mwa kake.

Tebulo limene linaumitsa pulogalamu

Zenera lofufuzira katundu linayenda bwino m'chionetsero, lili ndi mizere 50. Titaliyesa pa zolemba zenizeni, za mizere pafupifupi 80,000 ndi makolamu 12, pulogalamu inangouma gwa. Windows ikaona kuti zenera latha masekondi 5 osayankha mauthenga ake, imalichititsa mbuu n'kulemba pamwamba kuti silikuyankha, ndipo wogwiritsa ntchito akaona zimenezo amangotseka.

Tinali titagwiritsa ntchito QTableWidget, chifukwa ndi yosavuta kuyamba nayo. Vuto lake n'lakuti imafuna kuti upange kanthu kapadera pa kabokosi kalikonse ka m'tebulo. Mizere 80,000 kuchulukitsa ndi 12 ndi tinthu 960,000, tonse tipangidwe zenera lisanaoneke, pamene munthu akuona mizere yosapitirira 40 pa sikirini.

Kuyambira pa Qt 4, ya mu 2005, pali njira ina: QTableView pamodzi ndi model yako (code imene imapatsa tebulo zolemba) yochokera ku QAbstractTableModel. Model imangoyankha mafunso atatu: mizere ilipo ingati, makolamu angati, ndipo pa mzere uwu ndi kolamu iyi pali chiyani. Tebulo limafunsa za timabokosi timene tikuoneka basi. Tinawonjezera canFetchMore ndi fetchMore kuti mizere izibwera kuchokera ku database m'magulu a 200 munthu akamatsika. Tinalemba model imodzi yotere n'kuigwiritsa ntchito pa matebulo onse, makolamu ake n'kumawafotokoza ngati m'mene timafotokozera mafomu.

Misampha ina iwiri inatigwira panjira. Woyamba ndi kuuza tebulo kuti lizikulitsa makolamu lokha mogwirizana ndi zolembedwamo. Kuti lidziwe kukula kwake limayeza zolemba za mizere yofika 1,000 pa kolamu iliyonse, ndipo funso lililonse limadutsa mu Python. Tinaika kukula kwa makolamu tokha. Wachiwiri ndi kabokosi kofufuzira, kamene kankatumiza funso ku database pa chilembo chilichonse. Munthu akalemba mawu a zilembo zisanu ndi chimodzi, mafunso asanu ndi limodzi. Tinaikapo QTimer yodikira ma millisecond 300 kuchokera pa chilembo chomaliza, ndipo kusefa tinakusiyira SQL. QSortFilterProxyModel, chosefera cha Qt, ndi yabwino pa tebulo laling'ono, koma imasefa zokhazo zimene zafika kale, ndiye sizikanagwirizana ndi kubweretsa mizere m'magulu.

Pa za nthawi tinkatsatira malire odziwika amene Robert Miller analemba mu 1968 ndipo Jakob Nielsen anawafalitsa mu 1993: chinthu chikachitika m'kati mwa sekondi 0.1 munthu amamva ngati chachitika pomwepo, mpaka sekondi imodzi maganizo ake saduka, kupitirira masekondi 10 amayamba kuchita zina. Chilichonse chodutsa sekondi imodzi tinagwirizana kuti chizionetsa chizindikiro choti ntchito ili m'kati.

Walira mvula walira matope

Malipoti akuluakulu sakanatha m'sekondi imodzi ngakhale titatani. Pulogalamu ya mazenera imayenda pa thread imodzi (kanjira kamene ntchito zimachitikamo motsatizana) imene imalandira kudina konse ndi kujambula zonse, ndiye ntchito yaitali ikakhala pamenepo, china chilichonse chimaima.

Njira yachidule imene tinayamba nayo inali kuitana processEvents pakati pa ntchito yaitaliyo, kuti zenera lizipuma pang'ono. Zinaoneka ngati zatheka, mpaka tsiku loyesa pamene invoisi imodzi inasungidwa kawiri. Chinachitika n'chakuti munthu anadina batani losunga, sanaone kusintha, n'kudinanso. Popeza processEvents imalola kudina kwatsopano kulowa ntchito yoyamba isanathe, kusunga kwachiwiri kunayamba m'kati mwa koyamba. Tinaichotsa paliponse.

Tinasamutsira ntchito zazitali ku QThreadPool, imene imaziyendetsa kumbuyo pa ma thread ena. Apa ndiye matope. Malamulo a Qt amanena momveka kuti timabokosi ndi mabatani tizikhudzidwa kuchokera pa thread yaikulu yokha, koma ukaswa lamuloli sikuti imakuletsa nthawi zonse. Pa makompyuta athu zinkayenda, pa kompyuta ina ya kampaniyo pulogalamu inkangozima popanda uthenga, mwina kamodzi pa masiku awiri. Tinafufuza masiku atatu. Wolakwa anali mzere umodzi umene unkasintha mawu a chizindikiro kuchokera m'kati mwa ntchito ya kumbuyo. Njira yoyenera n'kutumiza signal, uthenga wa m'kati mwa Qt, chifukwa signal ikadutsa pakati pa ma thread, Qt imaiika pa mzere kuti ikalandiridwe pa thread ya wolandirayo.

Linanso linali la munthu kutseka zenera lipoti lisanathe. Yankho likafika, linkapeza chizindikiro chake chitafufutidwa kale, PySide6 n'kudandaula kuti chinthu cha C++ chimene chili kuseri kwake kulibenso. Komanso kulumikizana ndi database sikuyenera kugawidwa mwachisawawa pakati pa ma thread, ndiye ntchito iliyonse ya kumbuyo inayamba kutenga kwake.

Zonsezi tinazitsekera m'kachida kamodzi. Umakapatsa ntchito yoti ichitike, chochita ikatha, ndi chochita ikalephera. Iko kamazimitsa batani, kuonetsa chizindikiro chodikira, kutaya yankho ngati zenera latsekedwa, n'kuyatsanso batani. Kuyambira pamenepo palibe amene analembanso code ya thread pa fomu.

Mayi a pa kauntala yolandirira katundu

Tinachedwa kuonetsa ntchito yathu kwa amene adzaigwiritse ntchito. Tinkaonetsa akuluakulu a kampani, amene ankayamikira mitundu ndi kuyera kwa mazenera. Tsiku limene tinakhala pambali pa mayi ena amene akhala akulandira katundu kwa zaka zambiri, mphindi zochepa zinakwana.

Mausi sanaikhudze n'komwe. Dzanja lamanja linali pa manambala a kiyibodi, lamanzere litagwira sikana, maso ali pa pepala la katundu osati pa sikirini. Anasikana chipangizo choyamba, fomu yathu n'kutsekeka pomwepo itasunga mzere wopanda chiwerengero. Anayesanso, chimodzimodzi. Anatembenuka n'kunena modekha kuti, "Achimwene, yakale ija ndikamenya Enter imapita pa bokosi lotsatira. Iyi ikundithamangitsa."

Chifukwa chake tinachipeza madzulo omwewo. Sikana zambiri za barcode zimadzionetsa kwa kompyuta ngati kiyibodi: zimatayipa manambala kenako n'kutumiza Enter. Ndipo mu QDialog, mtundu wa zenera umene mafomu athu anali, mabatani amakhala ndi autoDefault yoyatsidwa kale, kutanthauza kuti Enter amadina batani. Kwa ife oyesa ndi mausi, vutoli silikanaoneka ngakhale titayesa chaka chonse. Safunsa anadya phula.

Kukonza kwake ndi kumene kunandisonyeza phindu la ntchito ya m'mbuyo ija. Tinazimitsa autoDefault ndi kuuza Enter kuti azipita pa kabokosi kotsatira, m'malo amodzi, mwa womanga mafomu. Mafomu 26 anakonzeka nthawi imodzi. Asanu ndi atatu aja tinawakonza limodzilimodzi, ndipo pa awiri tinaiwala mpaka mayeso atatikumbutsa. Mayiwo anatipatsanso mndandanda wa mabatani a F amene zala zawo zinazolowera pa pulogalamu yakale, ndipo tinawasunga onse m'malo ake, ngakhale ena sankagwirizana ndi chizolowezi cha Windows. Kuyambira sabata imeneyo, Lachisanu lililonse tinkapita ndi chionetsero pa laputopu n'kuwapatsa iwo ndi anzawo awiri kuti atayipe okha, ife manja kumbuyo.

Mayeso ndi kutumiza

Masamu onse, popeza analekanitsidwa, amayesedwa ndi pytest, chida choyesera code, popanda kutsegula zenera, ndipo amatha m'masekondi ochepa. Pa mazenera tinagwiritsa ntchito pytest-qt, imene imatha kutayipa ndi kudina ngati munthu. Sitinayese chilichonse. Tinayesa timabokosi tathu mozama, womanga mafomu, ndi maulendo ochepa ofunika, monga kusikana chipangizo, kulemba chiwerengero ndi kusunga, pa kiyibodi pokha. Ukaika QT_QPA_PLATFORM kukhala offscreen, mayeso amayenda pa seva yopanda sikirini.

Chionetsero chinagwiranso ntchito yachitatu. Kapulogalamu kena kamatsegula zenera lililonse m'maonekedwe ake onse, n'kulijambula chithunzi ndi grab, n'kuika zithunzizo m'foda imodzi. Timachita zimenezi pa kukula wamba komanso pa 150 peresenti pogwiritsa ntchito QT_SCALE_FACTOR, chifukwa Qt 6 imatsatira yokha kukulitsa kwa sikirini. Kuyang'ana zithunzi zonse kumatenga mphindi zochepa, ndipo mawu odulidwa kapena batani lobisika zimaoneka msanga. Tinayesapo kuti makina azifananiza okha zithunzi zakale ndi zatsopano, koma zilembo zimajambulidwa mosiyana pang'ono pa Windows ndi pa Linux, ndiye ankalira pa zinthu zopanda pake. Tinabwerera ku maso.

Potumiza tinagwiritsa ntchito PyInstaller, chida chomanga pulogalamu ya Python pamodzi ndi zofunika zake zonse. Poyamba tinasankha kuti itulutse fayilo imodzi, poona kuti n'zaudongo. Koma fayilo yotere imadzimasula m'foda yongoyembekezera nthawi iliyonse ukaiyatsa, ndipo pa makompyuta akale okhala ndi antivirus yosanthula fayilo iliyonse, kudikira kwake kunali kotopetsa. Tinasintha kuti itulutse foda, n'kuikulunga mu installer. Tinayendetsanso Python ndi -X importtime kuti tione zimene zimachedwetsa kuyatsa, ndipo tinapeza kuti code yopangira malipoti a PDF inkalowa pachiyambi ngakhale munthu asanapemphe lipoti. Tsopano zenera lililonse ndi zofunika zake zimalowa pokhapokha likatsegulidwa koyamba.

Pamene zinthu zili

Mafomu 29 otsala anatha m'nthawi yofanana ndi imene tinathera pa asanu oyamba kuphatikiza masabata atatu opangira zida zija. M'masabata atatuwo palibe fomu yatsopano imene inatuluka, ndipo kufotokozera eni ntchito chifukwa chake kunali kovuta kuposa code iliyonse ya m'lipoti lino. Chimene chinawakhazika mtima pansi n'kuona fomu ya ogulitsa katundu ikupangidwa iwo ali pompo, n'kupempha kabokosi kena, n'kukaona katawonjezedwa asanadzuke pampando.

Mnyamata uja ndi amene tsopano akusamalira pulogalamuyi, ndipo mafomu atsopano amawonjezera yekha.

Zotsala zilipo ziwiri. QSS imagwira bwino pa mitundu ndi mipata, koma ukangoika malire kapena mtundu wa kumbuyo pa QComboBox (kabokosi kosankhira), kabokosiko kamasiya maonekedwe a makinawo ndipo kamuvi kake uyenera kukajambula wekha. Pa Linux timabokosi tosankhira tikuonekabe mosiyana pang'ono ndi pa Windows, ndipo tikuganiza zoika paliponse style ya Fusion, imene imabwera ndi Qt, kuti zifanane. China ndi fomu yolandirira katundu ija. Yakula kwambiri, ndipo masamu ena a katundu wowonongeka analowanso m'kati mwa zenera pa sabata yomaliza pamene tinkathamanga. Kayeso kathu sikanagwire, chifukwa kamalondera kuti PySide6 isalowe m'mafayilo a masamu, koma sikaona masamu akalowa m'mafayilo a mazenera. Tagwirizana kuti tiwatulutsemo tisanayambe gawo la kubweza katundu kwa ogulitsa, limene lidzafuna masamu omwewo.